Mapiritsi m'Mphika wa Maluwa

Mzime ankathirira maluwa a pakhonde ndi kapu ya pulasitiki, mphika umodziumodzi, monga ankachitira achemwali ake. Sankafulumira, chifukwa akamaliza ankayenera kulowa m'nyumba, ndipo m'nyumbamo munali azakhali. Atafika pa mphika wa pafupi ndi mpando wa bambo, madzi anakankha dothi n'kuvundukula tinthu toyera. Anatokosa ndi chala. Anali mapiritsi. Ena anali atasungunuka, ena akadali athunthu.

Anayang'ana kukhomo, kenako anawakwiriranso.

Linali Lachinayi, sabata yathunthu chimwalirireni Chisamba. Dzina lake lenileni linali la pamapepala okha. Pakhomo aliyense ankangoti Chisamba poti anali woyamba kubadwa, monga momwe ankamuitanira wotsirizayu kuti Mzime. Anagwa kuntchito masana, fayilo ili m'manja, ndipo madokotala anati mtsempha wa m'mutu unaphulika. Mayi awo anamwalira Mzime akadali kukwawa, choncho amene anaikidwa m'manda Loweruka lija sanali mchemwali chabe.

Anthu a pamaliro anali atabalalika. Anatsala azakhali, mlongo wamkulu wa bambo, amene anabwera ndi zikwama ziwiri n'kutenga chipinda cha Chisamba, makiyi a kabati ndi kabokosi ka mankhwala a bambo.

Seveni koloko itakwana, ndodo inagogoda pageti katatu. Anali a Telala a kuseri kwa mpanda, nkhalamba yokhala yokha, imene kwa zaka zinayi inkamwa tiyi wa m'mawa ndi bambo pakhondepo. Azakhali anatuluka akupukuta manja.

"Mwabweranso? Tinanena dzana, agogo. Muno muli chisoni, si tiyirumu."

"Sindinabwerere tiyi, mayi. Ndili ndi mawu ndi a Kapitawo."

"Mawu tsiku lililonse? Ndinu wailesi?"

"Ingowauzani kuti seveni yakwana."

"Wotchi tili nayo."

A Telala anayang'ana Mzime kudzera m'mipata ya geti. Milomo yawo inali youma, ndipo dzanja la pandodo linkanjenjemera. Mzime anachita zomwe ankachita nthawi zonse. Anagwetsa maso pa kapu yake. Ndodo ija inabwerera, ikugunda pansi pang'onopang'ono.

M'nyumba, bambo anali pampando wa pawindo, mapazi otupa ali pa kasitulu. Anagwira ukapitawo pa kampani yomanga misewu zaka makumi atatu, akukalipira amuna ambirimbiri padzuwa. Koma pamaso pa mlongo wawo wamkulu ankasanduka mwana wa sukulu. Azakhali anaima patsogolo pawo, piritsi m'dzanja limodzi, madzi m'dzanja lina.

"Yasamulani."

Bambo anayasamula.

"Mezani ndikuona. Ine si Chisamba wonyengerera uja. Mwameza? Eya. Munthu wamkulu kufuna kumugwira mphuno ngati khanda."

Bambo anadikira kuti azakhali atembenuke, kenako anadzuka movutika n'kunena kuti akukapuma mphepo pakhonde. Mzime anawapatsa njira. Sanawayang'ane tsaya.

Analowa m'chipinda chake n'kutsegula dirowa. Envulopu ya khaki inali pomwepo, yomata. Munali fomu ya ku yunivesite, kumene anamutenga kukaphunzira zomwe anaphunzira Chisamba: za maganizo a anthu, makamaka mmene munthu amasinthira akakhala pakati pa anzake. Fizi sinali nkhani, thandizo linali litapezeka kale. Chotsala chinali kusaina kwa kholo ndi kwa mboni, ndipo tsiku lomaliza kubweza fomuyo linali mawa. Chisamba anaitenga masiku angapo asanamwalire, n'kuibweza ili yomata. "Ndadzaza ine, iwe dzanja lako limathawa pamzere. Isunge chomatacho, Lachinayi lomalizalo tidzaitsegula limodzi." Mzime ankangoganiza kuti achemwali adzasaina okha. Chimwalirireni sanayerekeze kuitsegula, poopa kuona zolemba zawo.

Anakhala pabedi, envulopu ili pamiyendo. Akanena za mapiritsi, azakhali adzati ndi umboni woti bambo sangatsale opanda womuyang'anira. Akapanda kunena, mapazi aja apitiriza kutupa. Anaibwezera m'dirowa n'kupita kukachapa.

Masana kunabwera achimwene ake, amene onse ankawatchula kuti Makaniko. Analowa ndi ovololo yakuda ndi girisi n'kukhala kumapeto kwa tebulo, kutali ndi bambo. Awiriwa anali asanayankhulane mwachindunji kwa zaka zisanu ndi zinayi, kuyambira tsiku limene Makaniko anasiya sukulu n'kupita kugalaja, bambo n'kumutchula pagulu kuti mbuli ya sipanala. Mawu awo onse ankadutsira mwa Chisamba. Sabata imeneyi ankadutsira mwa Mzime.

"Uwauze bambo ako kuti ndilibe nthawi yambiri. Ndasiya injini ili pansi."

"Akuti alibe nthawi yambiri," anatero Mzime chapansipansi.

"Umuuze kuti palibe wamumanga chingwe."

"Akuti palibe..."

"Ndamva, ndili ndi makutu!"

Azakhali anamenya tebulo ndi supuni.

"Nkhani ndi yachidule. Ine Lamulungu ndikubwerera kwanga, nanenso ndili ndi khomo. Mlongo wangayu sangakhale yekha. Makaniko ali ndi galaja, mkazi wake ndi woyembekezera. Watsala ndani?"

Onse anayang'ana Mzime. Iye anayang'ana nsalu ya patebulo, pamene panali kabowo kamene Chisamba anasoka ndi ulusi wa mtundu wina.

"Sukulu sithawa," azakhali anapitiriza. "Chaka chamawa, chaka cha mkuja, ilipo. Bambo ndi mmodzi."

"Ndipo ikanakhala sukulu yeniyeni," anatero Makaniko. "Unamwino, zamagetsi, ine ndikanagona pakhonde pano kuti iwe upite. Koma saikoloje? Tinaona kale kumene imathera. Malemu, Mulungu awasunge, zaka zinayi pa yunivesite, kutuluka kuja n'kumayenda khomo ndi khomo ndi pepala, kufunsa anthu kuti amasamba m'manja kangati. Atachoka apo, kuchipatala, osati kubaya jekeseni, ayi, kufufuza chifukwa chimene odwala amasiyira kubwera. Atachoka apo, kukampani ya mafoni, kumvera madandaulo a anthu. Mapeto ake kufakitale ya sopo, kuleretsa amuna olimbirana magolovesi. Ntchito zinayi pa zaka khumi, ngati nkhuku yosowa poikira. Ine sipanala yanga ndi imodzi yomweyo."

"Pamaliro paja anthu amandifunsa kuti malemu anali ndani," anatero azakhali. "Ine kusowa chonena. Ndinangoti amagwira mu ofesi."

"Ndi zimenezo! Ntchito yeniyeni imatchulidwa ndi liwu limodzi. Dokotala. Loya. Dalaivala. Iwowo ukawafunsa ankayamba ndi kuti, mmm, zili chonchi."

"Zophunzira za amisala zimenezo," anawonjezera azakhali. "Kulowa m'mitu ya anthu tsiku ndi tsiku. Mwinanso n'zomwe zinaphulitsa mutu wakewo."

Mzime anamva zikhadabo zake zikulowa m'chikhatho. Bambo anadzutsa mutu.

"Mzime, umuuze mchimwene wakoyo asamatchule mwana wanga ndi pakamwa pa girisi."

Mzime sanabwereze, ndipo panalibe chifukwa chobwerezera.

"Uwauze kuti mwana wawoyo tsiku lolandira digiri anajambulitsa ndi ine! Iwo anakana kupita. Ankafuna loya. Amvekere, ndapita kukaona chiyani, pepala loyang'anira anthu? Lero ndiye wakhala mwana wawo?"

"Tuluka m'nyumba mwanga!"

Bambo anadzuka ndi mphamvu, chala chili mmwamba. Anaima kamphindi, maso ali gwa pakhoma, kenako miyendo inawakana. Anagwera pampando, kapu ya madzi n'kugubuduka. Makaniko anadumpha, koma atafika pakati pa tebulo anaima, manja ali lende. Azakhali anawakupiza ndi mbale mpaka kupuma kunabwerera.

"Mwaona? Apa ndi pomwe ndikuwamwetsa ndekha mankhwala, ndi dzanja langali, koma akugwabe. Nanga akadzatsala okha? Nkhani yatha. Mzime akhala."

Mzime anadzuka n'kutuluka. Anamva azakhali akunena kumbuyo kwake kuti musiyeni akalire, ana a masiku ano misozi ili pafupi. Sanapite kukalira. Anabwera atanyamula mphika wa maluwa uja ndi manja awiri, envulopu ili kukhwapa, n'kuika mphikawo pakati pa tebulo, pansalu yoyera.

"Wapenga? Dothi pansalu!"

Anapisa zala m'dothimo n'kuyamba kutulutsa mapiritsi, limodzilimodzi, n'kumawandandalika patsogolo pa azakhali. Mawu atatuluka anali aang'ono, moti Makaniko anapendeketsa mutu kuti amve.

"Simukumwetsa bambo, azakhali. Mukumwetsa maluwa."

Bambo anayang'ana pawindo.

"Bambo atayamba kudwala mtima, achemwali anawakalipira mwezi wathunthu ngati mmene mukuchitiramu. Mapiritsi ankapezeka pansi pa matiresi. Kenako anasiya kukalipa. Tsiku lina anabwera n'kunena kuti, bambo, a Telala ali ndi shuga koma akukana mankhwala, ndipo munthu amene angamumvere ndi inu nokha. Muziwayang'anira m'mawa uliwonse, koma asadziwe kuti ndakutumani. Muziyamba ndinu kumwa anuwo, kuti iwo achite manyazi. Madzulo ake anapita kuseri kwa mpanda, ine ndinawaperekeza. Anakawauza a Telala mawu omwewo okhudza bambo."

Atangomaliza anazindikira chimene wachita. Chinsinsicho chinali cha Chisamba, ndipo wachiulula pamaso pa mwini wake.

"Pepani, bambo."

Bambo sanatembenuke. Mzime anaona kuti akasiya pamenepa sadzayambanso, choncho anapitiriza, maso ali pa mapiritsi.

"Zaka zinayi sanalumphe tsiku. Aliyense ankadzuka poganiza kuti mnzake afa akapanda iye. Inu azakhali mwakhala masiku asanu, ndipo m'mawa uliwonse mumabweza mankhwala enieniwo pageti."

"Iwe mwana, ukuyankhula ndi ine?"

"Ndi inu, azakhali. Pepani, koma ndi inu." Anatembenukira kwa Makaniko. "Achimwene, lero mukakonza lole, mawa basi, mkuja thirakitala, mumati mwasintha ntchito katatu?"

"Zimenezo n'zosiyana."

"Achemwali ntchito yawo inali imodzi. Ankayang'ana chimene chimachititsa anthu kuvomera kapena kukana, n'kusuntha kanthu kakang'ono. Kuchipatala kuja odwala ankasiya kubwera chifukwa dzina la matenda awo linali lolembedwa pachitseko, aliyense wodutsa n'kumaona amene ali pamzere. Anangochotsetsa chikwangwanicho. Kufakitale amuna ankakana magolovesi poti ankasekana kuti ndi za amantha. Iwo sanakhome lamulo pakhoma. Anakapempha mkulu mmodzi amene onse ankamuopa kuti ayambe ndiye kuvala. Kulikonse kuli anthu, ntchito imeneyi ilipo. Sikuti ankasowa poikira. Ankaitanidwa."

Makaniko anapukusa mutu.

"Ndipo inu awiri. Zaka zonsezi mwadyera patebulo lino osagendana mbale. Mukuganiza kuti achemwali ankanena zomwe mumawatuma? Achimwene mukati, uwauze ouma mtimawo kuti denga likudontha, iwo ankakati, bambo, akufunsa ngati mungawaonetse mmene mumakhomera malata. Bambo mukati, umuuze mbuliyo asandionongere nyumba, iwo ankakati, akuti ubwere Loweruka, makwerero alipo. Ine sindidziwa kuchita zimenezo. Ndimangobwereza ngati khoma. N'chifukwa chake lero mwatsala pang'ono kuphana." Mawu anayamba kusweka. "Ndikakhala pano ndidzaima ndi kapu m'manja ngati azakhali, maluwa n'kumanenepa, bambo n'kumatupa. Loweruka lililonse ndizibwera. Achimwene amadutsa pageti pano kawiri pa tsiku, chongofunika n'kuponda buleki. Ndikufuna kupita. Ndikufuna kukaphunzira zimene ankadziwa achemwali."

Anakhala pansi. Madzi a m'kapu ija ankadontha kuchokera pansonga ya nsalu, dontho limodzilimodzi.

"Ndinkadziwa," anatero bambo.

Onse anawayang'ana.

"Chaka choyamba chomwe. Telala uja sadziwa kubisa. Ndikamameza ankandiyang'ana pakhosi ngati akuyeza kolala."

"Nanga bwanji simunanene?" anafunsa Mzime.

"Ndinene kuti iyeyo adziwe? Akadziwa asiya. Munthu uja ndi wamakani, ndikapanda ine angafe." Anasisita bondo. "Sabata ino ndimangoti, ndimeze kuti ndikhalire ndani."

"M'mawa uno milomo yawo inali youma, bambo. Dzanja limanjenjemera pandodo."

Bambo anatseka maso. Atawatsegula anayang'ana mlongo wawo wamkulu, ndipo kanthawi kochepa mawu a ukapitawo aja anabwerera.

"Mawa geti likhale lotsegula. Makapu awiri."

Azakhali anadzuka n'kuyamba kusonkhanitsa mapiritsi a dothi aja m'mbale ndi mkwiyo.

"Chabwino. Ndine woipa ine. Ndinasiya khomo langa kudzatukwanidwa ndi mwana amene ndinamusintha matewera. Chitani zomwe mukufuna. Koma akadzagwa ali yekha, foni yanga musaiimbe."

Anapita kukhitchini, ndipo mbale zinayamba kulira kuposa mmene zimalirira potsukidwa.

"Pepala lako lija ndi limenelo?" anafunsa bambo.

Mzime anang'amba envulopu. Mmene ankatulutsa fomu, panagwa cholembera chabuluu n'kugubuduka patebulo. Mizere yonse inali yodzazidwa ndi zolemba zowongoka za Chisamba. Anatembenuza tsamba lomaliza, pamene ankayembekezera kuti achemwali anadzisiyira malo. Dzina lawo panalibe. Pamzere wa kholo panali kamtanda ka pensulo, pambali pake palembedwa kuti Bambo. Pamzere wa mboni panali kamtanda kena, palembedwa kuti Achimwene. M'munsi, mwa tizilembo ting'onoting'ono tofufutika ndi labala, munali mawu ena: Akhale pamodzi. Cholembera chikhale chimodzi.

Mzime anakankhira fomuyo pakati pa tebulo, pafupi ndi mphika. Makaniko anasuzumira, n'kuwerenga milomo ikuyenda. Anabwerera pampando n'kuyang'ana kudenga kwa nthawi yaitali.

Bambo anavala magalasi. Anasaina pang'onopang'ono, chilembo chilichonse pachokha, monga ankasainira mapepala a kuntchito. Atamaliza anatukula cholemberacho n'kuchilozetsa kwa Mzime, monga mwa chizolowezi.

"Umupatse..."

Makaniko nayenso anali akuyang'ana Mzime, kudikira.

Mzime anachotsa manja ake a dothi patebulo n'kuwapinda kumbuyo kwa mpando.

"Ine sindilandira," anatero.

Dzanja la bambo linakhala mmwamba. Kukhitchini mbale zinasiya kulira. Kenako dzanjalo linatembenuka pang'onopang'ono n'kuloza kumapeto kwa tebulo.

"Gwira," anatero bambo.

Makaniko anayang'ana zikhatho zake zakuda. Anazipukuta paovololo, mbali iyi ndi iyo, n'kupukutanso, ngakhale girisi wakeyo sankachoka. Kenako anadzuka, n'kukoka mpando wake kuzungulira tebulo.